Zimene Makina Amaona ndi Zimene Munthu Amamva: Kafukufuku wa Ubongo pa Kusinkhasinkha

Mu 2012, Wendy Hasenkamp ndi anzake a pa yunivesite ya Emory ku Atlanta, m'dziko la America, anafalitsa zotsatira za kafukufuku amene chida chake chofunika kwambiri chinali kabatani kakang'ono. Anatenga anthu 14 ozolowera kusinkhasinkha n'kumawagoneka mmodzimmodzi m'makina ounikira ubongo otchedwa fMRI, amene m'kati mwake ndi mopanikiza ngati m'mphanga ndipo amasokosa kwambiri akamagwira ntchito. Aliyense anapatsidwa ntchito imodzi yokha kwa mphindi 20, yoti aike maganizo ake onse pa mpweya umene ukulowa ndi kutuluka m'mphuno mwake. Akangozindikira kuti maganizo achoka pa mpweyawo n'kupita kwina, kaya ku chakudya chamadzulo kaya ku mkangano wa dzulo, ankayenera kudina kabatani kaja kenako n'kubwereranso ku mpweya. Ngakhale kuti anthuwa sanali achilendo pa ntchitoyi, ankadina pafupifupi ka 15 pa mphindi 20 zimenezo, kutanthauza kuti kawirikawiri maganizo ankathawa pasanathe n'komwe mphindi imodzi ndi theka.

Ofufuzawo atayang'ana zimene zinkachitika mu ubongo masekondi ochepa kabatani kasanadinidwe ndiponso katangodinidwa, anaona zinthu zinayi zimene zinkatsatizana n'kumabwerezabwereza. Pamene maganizo anali kuyendayenda, zigawo zapakati pa ubongo, china kutsogolo china kumbuyo, zimene zimatanganidwa munthu akamaganiza za iye mwini, ndizo zinkagwira ntchito kwambiri. Pa kamphindi kozindikira kuti "ndasochera," zinkadzuka ndi zigawo ziwiri zotchedwa insula ndi anterior cingulate, zomwe ntchito yake ndi kutitsina khutu pakachitika chinthu chofunika m'thupi kapena pafupi nafe. Kenako zigawo za kuseri kwa chipumi ndi za pamwamba cha kumbuyo kwa mutu zinkathandizana kubweza maganizowo, ndipo pomaliza kachigawo kena ka kuseri kwa chipumi kankapitiriza kugwira ntchito munthu atakhazikikanso pa mpweya, mpaka maganizo atathawanso.

Ndayamba ndi kafukufuku ameneyu chifukwa akuonetsa poyera vuto limene lili pa phata la nkhani yonseyi. Makina aja, kaya akhale okwera mtengo chotani, sakanatha paokha kudziwa nthawi imene munthu wazindikira kuti wasochera. Makina amaona kayendedwe ka magazi, koma amene amadziwa zimene zikumveka m'katimo ndi mwini wake yekha, ndipo pakanapanda chala chodina kabatani, zithunzi zonsezo zikanangokhala mawangamawanga osadziwika mutu wake. Sayansi ikafuna kuphunzira za zimene munthu akumva, imadalira umboni wa munthuyo, ndipo ambirife ndife mboni zosadalirika kwenikweni pa zochitika za m'mutu mwathu momwe. N'chifukwa chake anthu amene atha zaka zambiri akuphunzira kuyang'anitsitsa maganizo awo akhala ofunika kwambiri kwa asayansi ena.

Pali mawu awiri ofunika kuwamasula tisanapite patali. M'Chichewa, kusinkhasinkha ndi kuganizira chinthu mozama, kuchitembenuzatembenuza mumtima, monga mmene Mkhristu amachitira ndi vesi limene wawerenga m'mawa. Koma zimene asayansi afufuza kwambiri ndi njira zina, zambiri zochokera m'chipembedzo cha Chibuda cha ku Asia, ndipo zina mwa izo n'zosiyana kotheratu ndi kuganiza mozama. Njira ina ndi yoika maganizo pa chinthu chimodzi, monga mpweya. Ina ndi yongokhala tcheru n'kumaona chilichonse chobwera, kaya phokoso, kaya kuyabwa, kaya ganizo, popanda kuchitsatira kapena kuchikankha. Palinso yokulitsa mwadala mtima wachifundo kwa ena. Njira zimenezi zimagwiritsa ntchito ubongo mosiyana, choncho munthu akamanena kuti "kusinkhasinkha kumachita chakutichakuti mu ubongo" osatchula njira yake, mawu akewo ndi osakwanira. Mawu achiwiri ndi kuzindikira. Pano sakutanthauza nzeru kapena chikumbumtima, koma chija chimene chimachoka munthu akakomoka kapena akabayidwa mankhwala ogonetsa pa opaleshoni, n'kubweranso akatsitsimuka: kumva kuti ndilipo, ndikuona kuwala, ndikumva kutentha kwa dzuwa pakhungu.

Zida zikuluzikulu zoyezera zilipo ziwiri. Choyamba ndi EEG, imene dokotala wa ku Germany Hans Berger anaigwiritsa ntchito koyamba pa munthu mu 1924. Maselo a ubongo, amene alipo pafupifupi mabiliyoni 86, amatumizirana uthenga pogwiritsa ntchito timphamvu ta magetsi, ndipo ambiri akamagunda pamodzi, tizitsulo toikidwa pakhungu la mutu timatha kutola kugundako ngati mafunde. Mafunde ogunda ka 8 mpaka ka 12 pa sekondi amatchedwa alpha, ndipo amachuluka munthu akatsinzina ali phee. Othamanga kwambiri amatchedwa gamma. EEG imadziwa bwino nthawi imene chinthu chachitika koma siloza bwino malo ake. Chida chachiwiri, fMRI, chinayamba kugwiritsidwa ntchito kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo chimaloza malo bwino koma chimachedwa, chifukwa sichiyeza maselo enieniwo. Chimayeza magazi okhala ndi okosijeni amene amathamangira kumene maselo atanganidwa, ndipo magaziwo amafika pachimake patapita masekondi anayi kapena asanu ndi limodzi. Mitundu yofiira ndi yachikasu imene timaona pa zithunzi za ubongo m'nyuzipepala si kuwala kwenikweni kwa m'mutu ayi, koma ndi masamu amene kompyuta yapaka utoto pofuna kusonyeza kusiyana kwa nthawi imodzi ndi inzake.

Akatswiri a ku India ndi ku Japan anali atayeza kale anthu ochita yoga ndi amonke a Chibuda cha ku Japan chotchedwa Zen pogwiritsa ntchito EEG m'zaka za m'ma 1960, koma kafukufuku wa masiku ano anazika mizu mu 1987, pamene Francisco Varela, katswiri wa zamoyo wa ku Chile, ndi Adam Engle anakonza msonkhano woyamba wa asayansi ndi Dalai Lama, mtsogoleri wa Chibuda cha ku Tibet, ku Dharamsala, m'dziko la India. Misonkhanoyi ndi imene inabala bungwe la Mind and Life Institute. Varela ankanena kuti zoyeza za makina ndi zofotokoza za munthu woyezedwayo ziyenera kuyendera limodzi, china chizikonza chinzake, ndipo njira imeneyi anaitcha neurophenomenology mu 1996. Iye anamwalira mu 2001 asanaone zipatso zambiri za maganizo akewo. Richard Davidson wa pa yunivesite ya Wisconsin ku Madison, amene anakumana ndi Dalai Lama mu 1992, ndi mmodzi mwa amene anasenza ntchitoyi.

Mu 2004, Antoine Lutz, Davidson ndi anzawo anafalitsa kafukufuku amene anamveka padziko lonse. Anayeza ndi EEG anthu 8 a Chibuda cha ku Tibet amene anali atasinkhasinkha kwa maola pakati pa 10,000 ndi 50,000 pa zaka 15 mpaka 40, n'kuwayerekeza ndi ophunzira 10 amene anangophunzitsidwa kwa sabata imodzi. Onse anauzidwa kuti adzutse mumtima chifundo chosasankha munthu. Kwa akatswiri aja, mafunde a gamma, ogunda ka 25 mpaka ka 42 pa sekondi, anakwera kwambiri, ndipo zigawo zotalikirana za ubongo zinayamba kugunda mogwirizana. Ngakhale pamene ankangopuma asanayambe, mafunde awo anali osiyana kale ndi a ophunzira aja. Mmodzi mwa olemba kafukufukuyu anali Matthieu Ricard, Mfalansa amene anapata digiri ya udokotala wa sayansi mu 1972 atachita kafukufuku wake ku Institut Pasteur ku Paris, kenako n'kukakhala mmonke kumapiri a Himalaya. Chithunzi chake atavala mkanjo wofiirira, mutu wonse utakutidwa ndi tizitsulo 256, chinafalikira kwambiri, ndipo manyuzipepala anamupatsa dzina loti munthu wosangalala kwambiri padziko lapansi, dzina limene iye mwini amalikana chifukwa palibe makina oyeza zoterozo.

Kafukufukuyu ndi wofunika, koma ali ndi malire ake amene sayenera kubisidwa. Anthu 8 ndi ochepa. Akatswiriwo anali achikulire kwambiri kuposa ophunzira aja, ndipo ankasiyana nawo chikhalidwe, zakudya ndi moyo wonse. Minofu ya kumaso ndi ya m'khosi imatulutsanso magetsi ofanana ndi gamma, ngakhale ofufuzawo anayesetsa kuwachotsa. Ndipo funso lalikulu silinayankhidwe: kodi kusinkhasinkha ndiko kunasintha ubongo wawo, kapena anthu obadwa ndi ubongo wotere ndi amene amapirira zaka makumi pa ntchito imeneyi?

Chinthu china chimene chinatsegula maso ofufuza chinachokera kwina. Mu 2001, Marcus Raichle wa pa Washington University ku St. Louis anafotokoza kuti pali gulu la zigawo za ubongo zimene zimatanganidwa munthu akakhala osachita kanthu, n'kudekha akapatsidwa ntchito yofuna chidwi. Gululi limatchedwa default mode network, ndipo ndi lomwe lija linkagwira ntchito anthu a Hasenkamp akasochera. Ndilo limatikumbutsa zakale, kutikonzetsa za mawa, ndi kutisimbira nkhani yosatha ya "ine": zimene ndinalakwitsa, zimene anthu akundiganizira, zimene ndidzanene ndikakumana naye. Mu 2010, Matthew Killingsworth ndi Daniel Gilbert a ku Harvard anafunsa anthu 2,250 kudzera pa foni, pa nthawi zosiyanasiyana za tsiku, zimene ankachita ndi zimene ankaganiza, ndipo anapeza kuti pafupifupi pa mayankho 47 mwa 100 alionse maganizo anali kwina, komanso kuti pa nthawi zoterozo anthu ankanena kuti sakusangalala kwenikweni.

Judson Brewer, ali pa yunivesite ya Yale, anasonyeza mu 2011 kuti zigawo zikuluzikulu za gululi zinkadekha kwambiri mwa anthu ozolowera kusinkhasinkha kuposa mwa oyamba kumene. Koma chimene chimandigwira mtima ndi zimene gulu lake linachita patapita zaka ziwiri. Anakonza zoti munthu ali m'makina aziona pa galasi, nthawi yomweyo, mzere wosonyeza kukwera ndi kutsika kwa chigawo chakumbuyo chotchedwa posterior cingulate, kenako n'kufotokoza zimene ankamva pa kamphindi kalikonse. Mzerewo unkakwera munthu akatengeka ndi ganizo, monga mmene aliyense akanayembekezera. Chosayembekezeka n'chakuti unkakweranso munthu akamalimbana ndi maganizo ake, kuyesetsa mwamphamvu kuti asinkhesinkhe bwino. Unkatsika pamene munthu anali tcheru popanda kudzikakamiza. Kusiyana kwa kukhala tcheru ndi kudziumiriza kukhala tcheru n'kochepa kwambiri moti wongoyang'ana kunja sangakuone, ndipo kunapezeka chifukwa ofufuza anafunsa anthuwo n'kumvetsera mayankho awo.

Nkhani ya ululu ndi imene, kwa ine, ikuphunzitsa zambiri za kuzindikira. Aliyense amene anaimapo pamzere wa jakisoni ndi mwana akudziwa kuti kulira kumayamba singano isanafike, ndipo nthawi zina kumapitirira kubayako kutaiwalika kale. Chiphunzitso china chakale cha Chibuda chimati munthu womva ululu amalasidwa ndi mivi iwiri: woyamba ndi ululu wa m'thupi, wachiwiri ndi mantha, mkwiyo ndi kudandaula kumene maganizo amawonjezerapo. Asayansi nawonso amasiyanitsa zinthu ziwiri, kukula kwa ululu ndi kusautsa kwake, ndipo amatha kufunsa munthu kuti apereke nambala pa chilichonse payekhapayekha.

Mu 2013, Lutz ndi anzake anayeza anthu 14 amene anali ndi maola oposa 10,000 a kusinkhasinkha pamodzi ndi anthu ena 14 oyamba kumene, powaika kachitsulo kotentha pakhungu. Magulu onse awiri ananena kuti kukula kwa ululu kunali kofanana, koma akatswiri aja ananena kuti sunawasautse kwambiri. Ubongo wawo sunazime pa nthawi ya ululuwo. M'malo mwake insula inkagwira ntchito mwamphamvu kuposa ya anzawo kutentha kukafika, pamene m'masekondi oyembekezera, kutentha kusanafike, zigawo zomwezo pamodzi ndi amygdala, imene imakhudzidwa ndi mantha, zinali zodekha. Tinganene kuti ankaumva ululuwo mokwanira ukafika, koma sankayamba kuvutika nawo usanabwere. Fadel Zeidan, ali pa yunivesite ya Wake Forest, anali atasonyeza mu 2011 kuti ngakhale oyamba kumene angapindule: anthu 15 ophunzitsidwa kwa masiku anayi, mphindi 20 patsiku, ataikidwa chitsulo chotentha madigiri 49 pakatumba ka mwendo, ananena kuti kukula kwa ululu kunatsika ndi 40 peresenti ndipo kusautsa kwake ndi 57 peresenti. Mu 2016 iye anabaya anthu mankhwala a naloxone, amene amatsekereza mankhwala opha ululu opangidwa ndi thupi lenilenilo, ndipo kusinkhasinkha kunachepetsabe ululu. Zimenezi zikusonyeza kuti kumadzera njira ina, yosiyana ndi imene kawirikawiri imagwira ntchito munthu akapeza bwino chifukwa chongokhulupirira kuti wamwa mankhwala. Chimene timachitcha ululu, ngati kuti ndi chinthu chimodzi, chili ndi zingwe zingapo zopotana, ndipo kuphunzira kungathe kuzimasula.

Si zonse zimene zinalengezedwa zinapirira pamene zinayesedwanso. Mu 2005, Sara Lazar wa pa chipatala cha Massachusetts General ku Boston anapeza kuti zigawo zina za pamwamba pa ubongo zinali zochindikala mwa anthu 20 osinkhasinkha. Mu 2011, Britta Hölzel ndi gulu lomwelo ananena kuti anthu 16 amene anachita maphunziro a kusinkhasinkha a masabata 8 otchedwa MBSR, amene Jon Kabat-Zinn anayambitsa mu 1979 pa sukulu ya zachipatala ya yunivesite ya Massachusetts, anaonetsa kusintha m'chigawo cha hippocampus chimene chimathandiza kukumbukira. Mawu oti masabata 8 okha amakulitsa ubongo anafalikira ngati moto wolusa m'tchire la chilimwe, ndipo ogulitsa maphunziro ndi mapulogalamu a pa foni anawakumbatira ndi manja awiri. Koma mu 2022, Tammi Kral ndi anzake a m'gulu la Davidson lomwe anafalitsa kafukufuku wa anthu 218 amene anagawidwa mwamaere m'magulu atatu: ochita MBSR, ochita maphunziro ena a zaumoyo a nthawi yofanana, ndi ongodikira. Sanapeze kusintha kulikonse kwa kapangidwe ka ubongo kobwera chifukwa cha MBSR. Ndimalemekeza kwambiri zoti anthu amene moyo wawo wonse wa ntchito unali pa nkhani imeneyi ndi amene anatulutsa poyera zotsatira zotsutsana ndi zimene ambiri ankafuna kumva.

Pa zaumoyo, chithunzi chake n'chapakatikati. Madhav Goyal wa ku Johns Hopkins ndi anzake anasonkhanitsa mu 2014 zotsatira za kafukufuku 47 wokhudza anthu 3,515, ndipo anapeza umboni wooneka ndithu, ngakhale wosachita kunyanya, woti kusinkhasinkha kumachepetsa nkhawa, matenda ovutika maganizo ndi ululu, koma sanapeze umboni woti kumaposa chithandizo china monga mankhwala kapena masewera olimbitsa thupi. Ku Britain, kafukufuku wa MYRIAD wa ana asukulu oposa 8,000, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2022, sanapeze kuti maphunziro a kusinkhasinkha anathandiza anawo kuposa maphunziro a nthawi zonse. Palinso ena amene amavulala nako kusinkhasinkhaku. Jared Lindahl ndi Willoughby Britton a pa yunivesite ya Brown anacheza ndi anthu 60 amene anakumana ndi zovuta, ndipo mu 2017 anafotokoza za mantha aakulu, kusowa tulo, kubwerera kwa zikumbukiro zowawa, ndi kudzimva ngati mlendo m'thupi lako lomwe. Anthuwo anasankhidwa dala chifukwa cha mavutowo, choncho kafukufukuyu sakunena kuchuluka kwa ovutika, koma ndi wokwanira kutichenjeza kuti munthu amene anadutsa m'zoopsa kapena amene akudwala maganizo asalowe m'zozama popanda womuyang'anira wodziwa.

Kudzimva ngati palibe "ine" kumene kumaopsa ena ndi komwenso akatswiri ambiri amakufotokoza ngati mtendere, ndipo apa ndi pamene kafukufukuyu amakhudza funso lovuta koposa. Wafilosofi David Chalmers analemba mu 1995 kuti ngakhale titafotokoza ntchito zonse za ubongo, funso lidzatsalabe loti n'chifukwa chiyani ntchito zimenezo zimamveka kwa mwini wake. Maganizo ambiri a asayansi amatenga kuzindikira kukhala kuzindikira chinachake, kochitidwa ndi winawake. Koma osinkhasinkha a miyambo yosiyanasiyana amanena za nthawi imene munthu amakhala maso ndithu, popanda ganizo, popanda chithunzi, ngakhalenso popanda kumva kuti pali woona. Thomas Metzinger wa ku Mainz, m'dziko la Germany, ndi Alex Gamma anafalitsa mu 2021 mayankho a anthu 1,403 a m'mayiko 57 ofotokoza zochitika zamtunduwu. Metzinger akuganiza kuti ngati kuzindikira kungakhalepo popanda zonsezi, ndiye kuti pamenepo ndi poyambira pabwino pofufuza, monga mmene wofuna kumvetsa galimoto amayambira pa injini atachotsa mipando ndi magalasi. Otsutsa ali ndi mfundo yolimba: zofotokozazo zimaperekedwa zinthu zitatha kale, ndipo zikhoza kuumbidwa ndi zimene munthu anaphunzitsidwa kuyembekezera.

Gulu la Matthew Sacchet ku Massachusetts General lapita patsogolo n'kuyamba kuyeza chimene m'chinenero cha Pali, cha malemba akale a Chibuda, chimatchedwa nirodha, kamphindi kamene osinkhasinkha ozama amati kuzindikira konse kumazima n'kuyakanso, ngati kuti kachidutswa kadulidwa pa nthawi, ndipo pambuyo pake maganizo amayera mbee. Mu 2023, Avijit Chowdhury ndi anzake a m'gululi anafalitsa zimene anapeza mwa munthu mmodzi amene anali ndi maola oposa 23,000 a kusinkhasinkha. Pa maulendo 29 omuyeza ndi EEG, iye ananena kuti kuzimako kunachitika ka 37. Mafunde a alpha ankayamba kutsika pafupifupi masekondi 40 kuzimako kusanachitike, n'kufika pansi penipeni kutangotha. Uyu ndi munthu mmodzi yekha, ndipo zotsatirazi ziyenera kupezekanso mwa ena ambiri zisanadaliridwe. Komabe kutsika kwa mafundeko kunkabwera mobwerezabwereza pa nthawi zomwe iye analoza, ndipo nthawi zimenezo akanatha kuziloza pokhapokha atabwerera, chifukwa pa kamphindi kenikeniko, malinga ndi kunena kwake, panalibe womva chilichonse.